Andiuza kuti mwana wanga ali ndi autism, ndigwire mtengo wanji?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chawama ndipo ndimagulitsa salaula. Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, ali ndi zaka 4. Salankhula, kupatula kubwereza timawu ta pa TV. Ukamuitana satembenuka. Akhoza kutha tsiku lonse akuzunguza zivundikiro za mapoto pansi. Mwezi watha kuchipatala anandiuza kuti ali ndi autism ndipo ilibe mankhwala. Bambo ake safuna kumva, akuti ana aamuna amachedwa kulankhula basi. Apongozi anga akuti kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndiye akufuna tipite naye kumudzi ku Katete kwa ng'anga. Kutchalitchi ndinaleka kupita naye chifukwa amakuwa n'kutseka makutu, anthu n'kumatiyang'ana. Kusukulu ya mkaka anamubweza patangotha sabata ziwiri. Usiku sindigona. Kodi thandizo ndikalipeze kuti, nanga mwana wangayu adzalankhula?

Mayi wa ku Chawama

Yankho

Mayi, pepani ndi zonse mwasenzazi. Ine ndine mphunzitsi wa ana ofunika maphunziro apadera, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala pamphasa ndi mabanja onga lanu muno mu Lusaka. M'kalata yanu mawu amene andilasa mtima ndi akuti "usiku sindigona". Mayi wosagona, wopanda womuuza zakukhosi, amatha mphamvu ngakhale atamupatsa akatswiri khumi. Za zipatala, masukulu ndi maofesi ndikuuzani ndithu, koma ndichedwa kwambiri pa nkhani ya anthu oti musenzane nawo katunduyu, poti pamenepo m'pamene ndaona mabanja akugwa kapena kuimirira.

Ndiyambe ndi kuchotsa mwala umene uli pamtima panu ngakhale simunaulembe. Simunalakwe kalikonse. Autism ndi mmene ubongo wa mwana unaumbikira kuyambira ali m'mimba, moti amamva, kuona ndi kumvana ndi anthu mosiyana ndi anzake. Si tsempho, si mdulo, si kulodzedwa, sikutinso munamulekerera pa TV. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, ndiye analongosola za ana 11 otere mu 1943. M'zaka zotsatira akatswiri ena anafalitsa bodza lakuti gwero lake ndi amayi ouma mtima osakonda ana awo, ndipo amayi ambiri anakalamba akudziimba mlandu pachabe. Kafukufuku wa ana amapasa, kuyambira wa ku Britain wa mu 1977, ndiye anasonyeza kuti mbali yaikulu ndi ya chibadwa, ya m'magazi. Magaziwo amachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo kawirikawiri mwana wotere amabadwa m'banja limene mbali zonse ziwiri sizikumbukira wina wofanana naye. Choncho mawu oti "kumtundu kwathu kulibe" asakusowetseni mtendere.

Wina akhoza kukunong'onezani kuti ndi katemera. Mphekesera imeneyi inayamba ndi lipoti la Andrew Wakefield la mu 1998, lonena za ana 12 okha. Linapezeka kuti linali lachinyengo, magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010, mwini wake analandidwa chiphaso cha udokotala, ndipo kafukufuku wa ana mazanamazana ambiri sanapeze kugwirizana kulikonse. Kamng'ono kake muzipita nako kusikelo monga mwa nthawi zonse. Anamwino muwauze kuti mkulu wake ali ndi autism, kuti aziyang'anitsitsa ngati kakutembenuka pokaitana dzina ndi kuloza zinthu ndi chala, chifukwa m'banja limene muli kale mwana mmodzi wotere mpata wakuti wina akhalenso nayo umakhala wokulirapo.

Bungwe la WHO limayerekeza kuti mwa ana pafupifupi 100 aliwonse, mmodzi ali ndi autism, ndipo anyamata amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Tangoganizani kuchuluka kwa ana mu Chawama mokha. Anzanu alipo, Mayi, kungoti ambiri akudzitsekera m'nyumba ngati mmene mwayambira inumu.

Tsono za bambo ake. Abambo ambiri amene ndakumana nawo, akamati "angochedwa basi", mumtima amakhala akulira. Ataya mwana amene amamulota, woti adzapite naye ku mpira, ndipo kukana ndiko chishango chawo. Kukangana nawo usiku mutatopa nonse sikuphula kanthu. Chimene ndaona chikugwira ntchito n'chakuti abambowo apite okha nanu tsiku lokaonana ndi adokotala, afunse mafunso awo ndi pakamwa pawo. Uthenga wodzera mwa mkazi amaupeputsa, koma wodzimvera okha amautenga. Kenako apatseni ntchito imodzi yooneka ndi maso, yawoyawo: kumusambitsa madzulo, kapena kuyenda naye Loweruka m'mawa inu mukugona. Mwamuna amene wasambitsa mwana mwezi wathunthu amadzionera yekha kuti apa si kuchedwa wamba, ndipo nthawi zambiri ndiye amayamba kuzindikira timasewera timene mwanayo amakondwera nato. Ngati nkhani yafika poti muziimbana mlandu kapena kuopsezana kutha kwa banja, itanani ankhoswe kapena alangizi anu msanga, koma muyambe mwawafotokozera kaye za autism, kuopa kuti angabwere kudzaweruza mlandu umene sakuudziwa.

Apongozi anu musawatenge ngati adani. Iwo akufunira mdzukulu wawo zabwino, m'njira imene akuidziwa. Simudzawagonjetsa pa mtsutso wakuti ufiti uliko kapena kulibe, ndipo musataye nthawi pamenepo. Chofunika n'kuika malire, mwaulemu koma mosagwedezeka, ndipo ndi bwino mwana wawo, bambo a mwanayu, akhale wowalankhula. Kupempherera mwana, inde, tonse timafuna pemphero. Koma asatemedwe mphini, asamwetsedwe mankhwala osadziwika, asamanidwe chakudya m'dzina la kusala, asamangidwe kapena kukuwiridwa usiku wonse kuti chiwanda chituluke. Mwana amene phokoso la m'tchalitchi lokha limamupweteka m'makutu, taganizani zimene angamve anthu asanu atamuzinga akufuula. Ndaonapo ana atabwerera m'mbuyo miyezi yambiri, osafunanso kukhudzidwa ndi munthu, chifukwa cha usiku umodzi wotere.

Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandipweteka. Banja likangomva kuti "ilibe mankhwala", pamabwera anthu ambiri ogulitsa chiyembekezo. Ena ndi ang'anga, ena aneneri ofuna "mbewu", ena ovala masuti ogulitsa mabotolo a mavitamini a kunja pa Facebook. Kuli ngakhale madzi otchedwa MMS amene amawatsatsa kuti amachotsa autism, pamene kwenikweni ndi mankhwala a mtundu wa bulichi, owotcha m'mimba mwa mwana. Ndikudziwa banja lina limene linagulitsa puloti pofunafuna machiritso, ndipo pofika nthawi yoti mwana ayambe sukulu linalibe ngakhale ya basi. Aliyense wobwera ndi thandizo mumuyese chonchi: kodi akulonjeza kuti mwana achira? Kodi akufuna ndalama zambiri asanachite kanthu? Kodi akukuletsani kubwerera kuchipatala? Mukamva inde pa limodzi lokha mwa mafunsowa, gwirani chikwama chanu muzipita. Mpamba wa salaula uja ndiwo ukudyetsa ana atatu, musauphe.

Anthu amene adzakuthandizeni koposa onse ndi makolo anzanu. Mayi amene mwana wake ali ndi zaka 9 tsopano akudziwa zimene ine mphunzitsi sindingakupatseni: wometa tsitsi woleza mtima ali pati, nthawi yabwino yokwera minibasi isanadzaze ndi iti, anamuphunzitsa bwanji mwana kupita kuchimbudzi, anayankha chiyani tsiku limene mayi wina pamsika anati "mwana wopanda mwambo". Ndipo pamaso pake simufunika kufotokoza kalikonse. Mwana wanu akagona pansi n'kuyamba kukuwa, iye amangosuntha mpando n'kupitiriza nkhani.

Mungawapeze kuti? Malo oyamba ndi pamzere wa kuchipatala pomwepo. Tsiku la kiliniki ya ana otere, yang'anani mayi amene wakhala pambali panu, mupatseni moni, mupemphe nambala. Zimachititsa manyazi kwa mphindi imodzi yokha. Bungwe la Special Hope Network lili ndi malo m'makomboni angapo a mu Lusaka, kumene kholo limapita limodzi ndi mwana n'kumaphunzira zochita naye kunyumba, ndipo kumeneko mumakumana ndi makolo ena sabata ndi sabata. Ku Bauleni kuli sukulu ya ana ofunika chisamaliro chapadera imene anayambitsa ndi masisitere a Chikatolika. Pa 2 April chaka chilichonse ndi tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 2007 loti dziko lonse lizikumbukira za autism, ndipo nyengo imeneyo mverani wailesi, chifukwa magulu a makolo amatulukira poyera. Magulu a pa WhatsApp aliponso ndipo amatonthoza pakati pa usiku, koma samalani nawo: momwemo ndi momwe amalonda a machiritso aja amasakira anthu, ndipo zithunzi za mwana wanu musamazitumize mwachisawawa.

Mukapeza amayi awiri kapena atatu apafupi, yambitsani chilimba, koma cha maola m'malo mwa ndalama. Lachiwiri masana ana onse ali kwa mmodzi, enanu mupite kukaoda katundu ku Soweto kapena mungogona tulo. Lachisanu kwa wina. Ndaona amayi amene anatsala pang'ono kusiya malonda akuwapitiriza chifukwa cha dongosolo laling'ono ngati limeneli. Poyamba muzikhala nonse pamodzi kangapo kuti ana azolowere nyumba ndi nkhope, poti ana athuwa sakonda zinthu zosintha mwadzidzidzi.

Kuchipatala mubwerereko, chifukwa "ilibe mankhwala" sikutanthauza kuti kulibe chochita. Ngati makutu ake sanapimidwe bwinobwino, pemphani kuti apimidwe. Mwana wosatembenuka poitanidwa ayenera kutsimikiziridwa kuti amamva, ndipo zimenezi amapima ku UTH komanso ku chipatala cha Beit CURE pa Great North Road. Njira ya boma ndi yoyambira kukiliniki kapena ku chipatala cha Chawama Level One, kumene amakulemberani kalata yopita ku chipatala cha ana cha ku UTH. Adokotala muwauze zonse, ngakhale zooneka zazing'ono. Khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism kuposa mwa ana ena, ndipo nthawi zina sigwetsa pansi, mwana amangoti duu kwa kamphindi maso ali gwa, osamva kanthu. Imeneyo ili ndi mankhwala. Kudzimbidwa, dzino lobooka, khutu lotukusira ndi kusowa tulo zilinso ndi thandizo, ndipo mwana wosalankhula akamamva ululu amauonetsa podziluma, kudzimenyetsa mutu kapena kukuwa. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, yambani mwaganiza za ululu musanaganize za mwano.

Pemphani lipoti lolembedwa, lodindidwa, lonena kuti mwana ali ndi autism. Mulichititse fotokope kangapo, lenilenilo mulisunge m'pulasitiki pamodzi ndi kadi ya kusikelo. Khomo lililonse limene mudzagogode lidzafuna pepala limeneli.

Akatswiri ophunzitsa ana kulankhula ndi ochepa kwambiri m'Zambia muno, ndipo a pulaiveti ndi okwera mtengo. Mukapeza mwayi woonana ndi mmodzi, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, musakhale panja kudikira. Lowani, muonerere, ndipo munene kuti, "Ndiphunzitseni zinthu ziwiri zoti ndizikachita kunyumba tsiku lililonse." Theka la ola la katswiri silingapose maola amene mwana amakhala ndi inu, bambo ake ndi abale ake. Nzeru imeneyi ndiyo maziko a maphunziro a WHO otchedwa Caregiver Skills Training, a makolo a ana a zaka 2 mpaka 9 ochedwa kukula, amene anayesedwa m'maiko monga Ethiopia ndi Kenya ndipo akupezekanso kwaulere pa intaneti m'Chingerezi.

Mwafunsa ngati adzalankhula. Ana a autism amayenda njira zosiyanasiyana. Ena amayamba kulankhula ziganizo ali ndi zaka 5, 6 kapena kupitirira, ena amakhala ndi mawu owerengeka, ena amalankhula ndi zithunzi kapena manja moyo wawo wonse. M'kalata yanu muli chinthu cholimbikitsa: kubwereza mawu a pa TV. Kumeneko n'kuonetsa kuti amamva mawu, amawasunga ndipo akhoza kuwatulutsa, ndipo ana ambiri amadzera pamenepo popita ku kulankhula kwenikweni. Musamuletse. Mvetserani nthawi imene amanena mawu aliwonse, chifukwa mwina mawu a mu katuni ena amatanthauza "ndikufuna madzi" kwa iye. Cholinga chathu choyamba n'chakuti akhale ndi njira youzira anthu zimene akufuna, kaya ndi pakamwa, chala kapena chithunzi. Jambulani pa foni kapu yake, nsima, chimbudzi, nsapato, mutsukitse zithunzizo, muzimuonetsa musanachite chinthucho, kenako mumuphunzitse kukupatsani chithunzi akafuna chinthu. Zithunzi sizichedwetsa kulankhula, ndipo mwana akakhala ndi njira yopemphera kukuwa kumachepa. Polankhula naye fupikitsani: "Madzi." "Bwera." "Nsapato." Mukatero dikirani, muwerenge chamumtima mpaka khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambirife timafulumira kumuyankhira mwana asanapeze mpata.

Za kutchalitchi, amatseka makutu chifukwa zokuzira mawu zimamupweteka ndithu, ngati mmene inu mungamvere wina atakuimbirani wezulo pakhutu. Lankhulani ndi abusa kapena amayi a chigwirizano pa tsiku lina osati Lamlungu. Pemphani malo a kumbuyo pafupi ndi khomo, kutali ndi masipika, muyambe ndi mphindi khumi zokha, muzituluka asanafike potopa. Mpingo ukamvetsa umasanduka dzanja lalikulu, ndipo mudzadabwa kuti mayi wina adzakutsatirani panja n'kunena kuti kwawonso kuli mwana wotere.

Za boma ndinene mwachidule. Lamulo la Persons with Disabilities Act la mu 2012 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kuphatikizapo pa maphunziro, ndipo pansi pake pali bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities, ZAPD, limene limalembetsa anthu ndi kupereka khadi. Mawu akuti "ulumali" akhoza kukubayani, koma khadilo ndi kiyi chabe, silisintha mwana wanu. Ku ofesi ya Social Welfare, kapena kwa a komiti ya CWAC ya m'dera lanu, funsani za Social Cash Transfer. Mabanja ovutika amene ali ndi munthu wolumala kwambiri amalandira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ena, ngakhale kuti kulowa m'kaundula kumatenga nthawi ndipo amayamba aona mmene banja likupezera. Za sukulu, kuyambira mu 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere, ndipo zina mwa sukuluzi zili ndi makalasi apadera okhala ndi aphunzitsi ophunzitsidwa ku ZAMISE kapena ku University of Zambia. Pitani ku ofesi ya DEBS ndi lipoti lija, mufunse woyang'anira maphunziro apadera, akuuzeni kumene mwana angakaunikidwe ndi sukulu yapafupi yomuyenera. Mukapita kukaona sukulu, musatengeke ndi utoto wa pakhoma. Onani ngati mphunzitsi amagwada kuti alankhule ndi mwana, ngati pali chikwapu patebulo, ndi ngati geti limatsekedwa.

Geti ndalitchula dala. Ana ambiri a autism amatuluka osatsanzika, saopa galimoto ndipo amakopeka ndi madzi. Nyengo ya mvula, pamene ngalande, zitsime zosavundikira ndi maenje okumbamo miyala m'makomboni mwathu zimadzaza, ndiyo yoopsa kwambiri. Ikani loko pamwamba pa chitseko pomwe safikira, vundikirani migolo ya madzi, sokererani nambala yanu ya foni m'kati mwa malaya ake. Ndipo apa m'pamene kubisa kumapweteketsa: uzani aneba, mwini kantemba wa pakona ndi anyamata a pa siteshoni kuti, "Mwana uyu salankhula, mukamuona yekha mugwireni dzanja mundiimbire." Anthu amene mukuwaopa kuti akusekani ndi omwewo adzamubweze kunyumba. Dziwaninso kuti mwana wosatha kunena amakhala pa chiopsezo cha nkhanza ndi kugwiriridwa, choncho sankhani mosamala womusiyira. Mukakayikira kanthu, nambala ya Childline ndi 116, yaulere, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Mwana wanu woyamba musamuiwale. Mufotokozereni m'mawu osavuta chifukwa chake mng'ono wake amachita zimene amachita, athandizeko, koma asasanduke mayi wachiwiri wojomba kusukulu. Kamodzi pa sabata mupezereni kanthawi kake yekha, ngakhale kongopita nanu kukagula tomato.

Ndibwerere ku tulo tanu. Ngati n'chifukwa chakuti mwana amadzuka usiku, gawanani mausiku ndi bambo ake, muzimitse TV ndi foni ola limodzi asanagone, ndondomeko ya madzulo ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo zikapitirira muwauze adokotala. Koma ngati mwana ali m'tulo inu maso ali kudenga, mukulira, chakudya sichikulowa, ndipo zatha sabata ziwiri kapena kuposa, kumeneko ndi kudwala maganizo, ndipo kumachizika. Kauzeni namwino kapena mlangizi wa kukiliniki momveka kuti, "Ine ndemwe sindili bwino." Ku Chainama, pa Great East Road, sikupita okhawo amene anthu amawatcha amisala, kumapitanso anthu otopa mumtima ngati inu. Tsiku limene mudzamve maganizo ofuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana, muikeni pamalo otetezeka, tulukani panja, itanani mnansi, ndipo imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline.

Gulani kabuku ka masamba ochepa. Tsiku lililonse lembani mizere itatu: chimene chinachitika asanayambe kukuwa, chimene chinamutonthoza, ndi chatsopano chimene wachita ngakhale chichepe bwanji. Kabukuka kadzakulankhulirani kwa adokotala ndi kwa aphunzitsi, ndipo bambo ake muziwapatsa awerenge.

Ndipo madzulo ano, mukaphula nsima, tengani chivundikiro chanu mukhale pansi pambali pake. Musamuitane, musamulande chake, musamuuze kuti akuyang'aneni. Zunguzani chanucho monga achitira iye. Chikagwa nenani kuti "Chagwa!" n'kudikira. Mwina lero sakuonani, mwina mawanso ayi. Tsiku limene adzasuzumire chivundikiro chanu, kapena kukankhira chake m'dzanja lanu kuti mumuzunguzire, mulilembe m'kabuku kaja, ndipo mundilemberenso kuti tikambirane chotsatira.